Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Chilatini cha Agogo

Gawo lapitalo ndinalekezera pamene amayi ananditumiza kukakhala ndi agogo aamuna kufupi ndi mishoni ya Mua ku Dedza, ija anaiyambitsa ansembe a White Fathers mu 1902. Ndinali ndi zaka 11.

Agogo ali mnyamata ankatumikira pa guwa, nthawi imene Misa inkachitika m'Chilatini, wansembe atafulatira anthu. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, ndiwo unatsegulira khomo zinenero zathu, koma agogo Chilatini sichinawachoke pakamwa. Madzulo tikukonola chimanga pakhonde ankangoyamba okha: "Dominus vobiscum." Ine ndiyankhe kuti, "Et cum spiritu tuo." Ndikapotoza lilime ankandigogoda pabondo ndi chitsononkho mpaka ndikhoze.

Tsiku lina ndinawafunsa, "Agogo, kodi Alatiniwo kwawo n'kuti?"

"Iwe mwana, Chilatini chilibe mudzi. N'chakumwamba."

Ndinakhulupirira ndi mtima wonse, mpaka ndili Fomu 2. Aphunzitsi athu a mbiri yakale anajambula Italy pabolodi, n'kuzunguliza choko kadera kakang'ono pakati, chakunyanja, pamene mtsinje wa Tiber umathira. Anati derali linkatchedwa Latium, lero amati Lazio, ndipo eni ake anali Alatini, anthu olima ndi kuweta ziweto. Dzina la chinenerocho linachokera kwa iwowo, monga momwe Chichewa chilili cha Achewa. Rome unali umodzi chabe mwa midzi yawo. Unakula, n'kugonjetsa abale ake omwe mu 338 Yesu asanabadwe, kenako asilikali ndi amalonda anachinyamula chinenerocho ulendo wa kutali. Kumeneko chinasintha pang'onopang'ono n'kubala Chipwitikizi, Chifalansa, Chisipanishi, Chitaliyana ndi Chiromaniya. N'chifukwa chake maiko monga Brazil ndi Mexico, kumene amalankhula Chipwitikizi ndi Chisipanishi, timawatchula kuti Latin America, pomwe Mlatini weniweni sanapondeko. Ngakhale zilembo zimene ndikulembera panozi, dzina lake n'za Chilatini.

Ndinapita ku holide mtima uli phaa, ndikuopa kuti ndikawauza agogo ndiwalanda chinthu chawo chamtengo. Ndinazengereza masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinawafotokozera zonse tili kudimba. Anatsamira khasu, chete kwa nthawi yaitali.

"Ndiye ukuti anali alimi ngati ife?"

"Inde, agogo."

Ndinawonjezera kuti mawu akuti vinyo anatipeza kudzera kwa Apwitikizi, amene amati vinho, kuchokera ku vinum. Kandulo nayenso gwero lake ndi candela. Nkhope yawo inawala. Vinum ankamudziwa bwino, poti ndiwo ankanyamula timabotolo tiwiri tija, ka vinyo ndi ka madzi, kupita nato kwa wansembe.

Usiku umenewo anatulutsa buku lawo la mapemphero, lothothoka chikuto, lomanga ndi mphira, n'kundipatsa pensulo. "Ndilembere dzina la mudzi wawowo apa." Ndinalemba Latium patsamba loyamba, pansi pa dzina lawo la ubatizo. Bukulo lili ndi ine kuno, ndipo m'gawo lotsatira ndidzafotokoza mmene linafikira m'manja mwanga.