Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Chaka chimene ana anandiletsa kuyenda

M'gawo lapitali ndinakusiyani nditagwa m'bafa. Fupa silinathyoke, koma ana anachita mantha kuposa ine mwiniwakene. Mwana wanga wamkazi anaika lamulo: "Amayi, mukafuna kanthu muziitana, musamadzuke nokha."

Sindimuimba mlandu. Bungwe la WHO limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 684,000 amafa chifukwa cha kugwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Koma chikondi chakecho chinandikhomerera pampando. Miyendo inayamba kulemera, ndipo ndikati ndiime ndinkadzandira kuposa kale.

Tsiku loyamba kwa dokotala wa mafizo ndinkaganiza kuti akandisisita mawondo. Ayi ndithu. Anandiuza kuti ndidzuke pampando, ndiyende mamita 3, nditembenuke, ndibwerere kudzakhala, iwo wotchi ili m'manja. Amati munthu akatenga masekondi 12 kapena kuposerapo ndiye kuti ali pachiopsezo chogwa. Ine ndinapitirira, kutali.

Kenako anandifotokozera chimene sindinkachidziwa pa ukalamba wonsewu, kuti chimatiimiritsa si miyendo yokha. Maso amauza ubongo pamene tili, mkati mwa khutu muli tiziwalo tomva kupendekeka kwa mutu, ndipo mapazi amamva nthaka. Chimodzi chikafooka, zinazo zimachigwirira ntchito. Kwa ine shuga anali atachititsa kale mapazi dzanzi, ndiye ndinkadalira maso. N'chifukwa chake usiku, kukada, ndinkasokonekera.

"Mpandowu ukuwadya mayi anuwa," anatero kwa mwana wanga. Nkhope yake inagwa.

Masewera olimbitsa thupi amene dokotalayo anandipatsa ndi ooneka achibwana, mpaka munthu umachita manyazi. Kudzuka ndi kukhala osagwira kanthu. Kuima ndi zala za kumapazi nditagwira tebulo. Kuyenda chidendene chikugunda chala cha phazi linalo, ngati mwana wophunzira kuyenda. Kuima ndi mwendo umodzi ndiye kunandivuta zedi, thupi lonse kunjenjemera. Ambiri mwa masewerawa ali m'ndondomeko yotchedwa Otago, yochokera ku New Zealand, imene inachepetsa kugwa kwa okalamba ndi pafupifupi 35 peresenti. Chinsinsi chake n'choti azikuvuta pang'ono. Akayamba kuphweka, dokotala amakuchotsera chogwira.

Kunyumba tinachotsa kapeti woterera uja, tinaika chitsulo chogwira m'bafa ndi getsi la usiku panjira ya kuchimbudzi. Anandiphunzitsanso kuyamba ndakhala kaye m'mphepete mwa bedi ndisanaime, chifukwa kudzuka mofulumira kumatsitsa BP ndipo chizungulire chimabwera pomwepo.

Chizungulirecho sichinathe msanga. Dokotala wa mafizo anandipempha kuti ulendo wotsatira ndibwere ndi mankhwala onse amene ndimamwa, a BP ndi ogonetsa omwe. Zimene zinapezeka m'kachikwama ka mankhwalawo ndikuuzani m'gawo likubwerali.