Njira imene tinadzera kuti inshuwalansi ilipire thandizo la ABA la pa vidiyo ku Indiana

Kuno ku Indiana, kampani ya inshuwalansi simva zoti mwana sakuyankhula kapena sacheuka mukamuitana. Imamva pepala la dokotala, ndipo papepalapo payenera kukhala nambala F84.0, imene imaimira autism, vuto la kakulidwe limene limakhudza kuyankhula ndi kucheza ndi anthu. Ife tinayambira kwa dokotala wa ana, amene anatifunsa mafunso a M-CHAT, aja amafunsa mwana akakwanitsa miyezi 18 ndi 24. Mayankho athu sanamusangalatse, ndiye anatitumiza kwa katswiri woti akamuyeze mwana mwakuya ndi njira yotchedwa ADOS-2. Mzere wake ndi wautali kwambiri. Lembetsani dzina malo angapo nthawi imodzi, ndipo muwauze kuti wina akalephera kubwera akuimbireni inu. Podikira musangokhala: a First Steps, amene amathandiza ana osakwana zaka zitatu, ankabwera kunyumba kudzamuphunzitsa kuyankhula pepala lija lisanatuluke. Agogo ake kumudzi ankangoti pa WhatsApp, “Anyamata amachedwa kuyankhula, musadandaule.” Ankanena mwachikondi, koma mzere wa kwa katswiri sudikira.

Pepala litatuluka, dokotala analemba kuti mwana alandire ABA, njira yophunzitsa mwana zinthu pang'onopang'ono, monga kupempha chimene akufuna, kudikira ndi kuvala, pomulimbikitsa akachita bwino. Anzathu ku tchalitchi ku South Bend anatilimbitsa mtima kuti Indiana inali yoyamba mu America kukhazikitsa lamulo lokakamiza inshuwalansi kulipira thandizo la autism, mu 2001. Ndi zoona. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti lamuloli silikhudza aliyense. Bambo ake amagwira ntchito pa fakitale ina yopanga magalimoto ogonamo ku Elkhart, ndipo makampani akuluakulu ngati amenewa nthawi zambiri amalipira okha ndalama zachipatala za antchito awo. Kampani ya inshuwalansi imene dzina lake lili pa khadi imangowayendetsera mapepala. Dongosolo lotere amati self-funded, ndipo limayendera lamulo la boma lalikulu la ERISA la mu 1974, osati la Indiana. Khadi silinena zimenezi poyera. Ndinawauza bambo ake kuti, “Mawa mukapite ku ofesi ya HR, yoona za antchito, mukafunse ngati ndi self-funded, ndipo akakupatseni Summary Plan Description.” Anabwera nacho chikalatacho, chofotokoza zimene inshuwalansi yathu imalipira, chonenepa ngati buku la nyimbo. Yathu inalidi self-funded, koma mwayi wake abwanawo anasankha okha kuikamo ABA.

Bwanji pa vidiyo? Malo a ABA apafupi anali odzaza, ine ndimagwira usiku kumalo osamalira okalamba, ndipo amene anakhalako kuno mu Januwale akudziwa chipale chimene chimachokera ku Lake Michigan. Bungwe lina linati lili ndi BCBA, katswiri amene amakonza ndi kuyang'anira maphunziro onse, amene angayambe nafe msanga ngati tivomera kukumana naye pa intaneti ali ku Indianapolis.

Apa ndi pamene ndikufuna kuti mumvetsetse, chifukwa ndalama zimatayikira pomwepa. Mukaimba nambala ya kuseri kwa khadi n'kufunsa kuti, “Kodi mumalipira ABA ya pa vidiyo?” adzakuyankhani kuti inde, ndipo inde ameneyo alibe ntchito. Kwa iwo ABA si chinthu chimodzi. Inagawidwa m'manambala, ndipo kuyambira mu 2019 ena mwa manambalawo ndi awa: 97151 ndi kuyeza mwana ndi kulemba dongosolo, 97153 ndi maola amene wothandizira wotchedwa RBT amakhala ndi mwana, 97155 ndi pamene BCBA akuonerera ndi kusintha njira, 97156 ndi kuphunzitsa makolo. Funsani nambala iliyonse payokha: iyi mumalola pa vidiyo, mwana ali kunyumba? Kwa ife anati 97155 ndi 97156 amalola, koma 97153 munthu azibwera yekha pakhomo. Makampani ambiri anamasula zimenezi mu 2020 nthawi ya Covid, ena anabwezanso pambuyo pake, choncho zimene mnzanu anauzidwa chaka chatha si zanu. Funsaninso ngati bungwelo lili in-network, kutanthauza kuti lili pa mgwirizano ndi inshuwalansi yanu, osati bungwe lokha ayi, komanso BCBA weniweniyo. Musanadule foni, pemphani reference number ya zokambiranazo ndi dzina la amene mwayankhula naye, mulembe pamodzi ndi tsiku. Ine ndili ndi kope la zimenezi basi, limakhala pamwamba pa fuliji.

Kenako pamabwera chilolezo, prior authorization. Amapempha ndi a bungwe, koma musawasiyire osafunsa pamene zafika. Choyamba chinali cha kuyeza. Ndinaimika tabuleti pampando, n'kuitsamiritsa pa thumba la mpunga, BCBA uja, mayi wa ku Indianapolis, n'kumaonerera mwana akusewera, akudya, akulira nditamulanda foni. Anandifunsa mafunso ambirimbiri a Vineland: kodi amamwa yekha m'kapu, amaloza chinthu ndi chala, amavula nsapato? Ena amawawa kuyankha. Yankhani zoona zake, osati za tsiku limene anachita bwino, chifukwa maola amene adzavomereze amachokera pamenepo.

Dongosolo litalembedwa, ndinapempha kuliwerenga lisanapite ku inshuwalansi. Mudzamva anthu akutchula maola 40 pa sabata. Chiwerengerochi chinatchuka ndi kafukufuku wa Ivar Lovaas wa ku UCLA wa mu 1987, ndipo sikuti mwana aliyense amafunika otero. Ife tinapempha ochepa, oti mwana atsale ndi nthawi yogona masana ndi kusewera ndi mlongo wake. Ndinachotsetsanso cholinga chimodzi, chofuna kuti asiye kukupiza manja akasangalala. Akuluakulu ambiri amene ali ndi autism amadandaula kuti ABA imene analandira ali ana inkawakakamiza kuoneka ngati ana ena, ndipo ine ndimawamva. Kukupiza manja sikupweteka munthu. Chimene ndinkafuna n'choti andiuze akamva ludzu, ndiponso asathamangire mumsewu.

Phunziro la pa vidiyo limayenda chonchi. Ndimavala kachomvera khutu limodzi kuti mwana asamve mawu a mlendo. Kapu yake ya buluu ili pa tebulo, pamene akuiona koma sangaifikire, ndipo kakhadi ka chithunzi cha kapu kali pafupi ndi dzanja lake. Amabwera n'kugwira chala changa, kundikokera ku tebulo. Thupi langa lonse limafuna kungomupatsa. M'khutu ndimamva mayi uja akuti ndidikire, ndiwerenge chamumtima mpaka faifi. Akapanda kutola khadi, ndimagwira dzanja lake pang'ono, kulitsogolera ku khadi, iye n'kundipatsa, ine n'kunena kuti “madzi” ndi kumupatsa kapu nthawi yomweyo. Kenako ndimalemba kamzere papepala: wachita yekha, kapena ndamuthandiza. Ndinafunsa ngati tisiye Chichewa kuti tisamusokoneze, anati ayi, tipitirize zilankhulo zonse ziwiri.

Ndinene mosabisa: pa vidiyo manja a katswiri ndinu. Ubwino wake ndi woti zimene mwaphunzira zimakhala m'nyumba sabata yonse, ndipo bambo ake, amene poyamba ankati zimenezi n'za amayi, tsopano amadikira faifi ija kuposa ine. Kuipa kwake ndi kutopa. Kuchoka ku ntchito m'mawa n'kukhala mphunzitsi si masewera. Ndipo mwana amene amadzimenya mutu kapena kuluma kwambiri amafunika munthu wodziwa ali pomwepo, osati pa galasi. RBT atapezeka n'kuyamba kubwera kunyumba, BCBA n'kumamuonerera pa tabuleti, m'pamene zinthu zinakhazikika.

Kukanidwa kunabwera kawiri. Koyamba kunali kwa mapepala chabe. Kalata ya EOB, imene imasonyeza zomwe alipira ndi zomwe akana, inati maphunziro a makolo sanalipiridwe. Poti ndinali ndi reference number ija, sitinakangane nthawi yaitali: zinapezeka kuti olemba bilu anaika ngati tinakumana ku ofesi, m'malo mwa nambala 10, yosonyeza kuti wodwala anali kunyumba pa vidiyo, ndi chizindikiro cha 95 chosonyeza thandizo la pa vidiyo. Anakonza n'kutumizanso. Musalipire bilu musanaiyerekeze ndi EOB.

Kwachiwiri kunali kwenikweni. Chilolezo chathu chimatha miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo pokonzanso anadula maola, ati si ofunikira pa zachipatala. BCBA anapempha peer-to-peer, kuyankhulana ndi dokotala wa ku inshuwalansi, sizinathandize. Tinachita apilo. Lamulo limapereka masiku 180 kuchokera pamene mwalandira kalata yokana, ndipo muli ndi ufulu wopempha kwaulere mfundo zimene agwiritsa ntchito pokana. Tinaikamo kalata ya dokotala wa ana, magirafu ochokera ku timizere tanga tija, ndipo tinatchula lamulo la parity la mu 2008, loletsa kuikira thandizo la maganizo ndi khalidwe malire okhwima kuposa a matenda ena. Limeneli limakhudzanso makampani akuluakulu a self-funded. Maola anabwezedwa. Akanakana, panali patatsala external review, pamene anthu apadera osakhala a kampaniyo amaweruza.

Za ndalama, kumbukirani kuti deductible, ndalama zimene mumayamba mwalipira nokha inshuwalansi isanayambe kulipira, imayambiranso chaka cha inshuwalansi chikayamba, kwa ife mu Januwale, ndiye mabilu a miyezi yoyambirira amakhala olemera. Funsani ngati mwana angalowenso pa Medicaid, inshuwalansi ya boma, kuti izitseka zotsala. Kuyambira mu 2014 boma lalikulu linauza zigawo zonse kuti Medicaid izilipira thandizo loyenera la autism kwa osakwana zaka 21. Mapepala a ABA akhwima kuno chichokereni lipoti la ofufuza a boma la mu Disembala 2024, lonena kuti Medicaid ya Indiana inalipira molakwika ndalama zosachepera madola 56 miliyoni pa ABA. Choncho akakupatsani pepala la tsikulo kuti musaine, onani ngati maola olembedwawo ndi amene agwiradi. Tsiku lothera chilolezo lilembeni pa kalendala, ndipo kutatsala mwezi wathunthu muyambe kuwafunsa a bungwe ngati pempho latsopano lapita.