Chimbale chikakana kubeneka, onani kaye pomwe chaimira

Chimbale cha CD kapena DVD chikakana kubeneka, kutanthauza kulembedwa mafayilo pa kompyuta, ambiri amathamangira kuchotsa pulogalamu n'kuika ina, ena mpaka kufomata kompyuta yonse. Kawirikawiri vuto silikhala kumeneko. Choyamba kuona ndi pomwe ntchitoyo yaimira: isanayambe n'komwe, itangoyamba, ili pakati, kapena yatha bwinobwino koma chimbalecho chikukana kuwerengeka kwina. Pena paliponse pali zoyambitsa zake.

Ngati kompyuta ikungopempha chimbale chopanda kanthu pomwe mwaikamo kale, yang'anani zolembedwa pachitseko cha drive, chipangizo chomwe mumalowetsamo chimbale. Yolembedwa DVD-ROM imangowerenga, sibena. Yobena imakhala ndi chizindikiro cha RW kapena mawu akuti DVD Multi Recorder. Kenako tembenuzani chimbalecho muchipendeke powala: mbali yomwe inabenedwa kale imaoneka ngati mkombero wa mtundu wosiyanako, kuyambira pakati kupita kunja. CD-R ndi DVD-R sizifufutika. Za RW zokha ndi zomwe mungafufute n'kubenanso.

Kukula kwa mafayilo nako kumapusitsa anthu. CD imalowa 700 MB. Pa DVD amalemba 4.7 GB, koma mmene Windows imawerengera ndi pafupifupi 4.37 GB, ndiye foda ya 4.5 GB siingalowe, mungakakamize bwanji. Pamenepo pakufunika DVD ya magawo awiri, ya 8.5 GB, kapena mugawe mafayilowo. Fayilo imodzi yopitirira 4 GB imafuna kuti musankhe dongosolo losanjira mafayilo pa chimbale lotchedwa UDF mu pulogalamu yobenera, chifukwa dongosolo lakale la ISO 9660 limaikana.

Drive ikasowa n'komwe mu This PC, tsegulani Device Manager, pomwe Windows imaonetsa zipangizo zonse za kompyuta. Mukapeza Code 19 kapena Code 39, kawirikawiri ndi zotsalira za pulogalamu yobenera yomwe inachotsedwa mosamaliza. Zimakonzeka pofufuta UpperFilters ndi LowerFilters mu registry, momwe Windows imasunga makonzedwe ake, pansi pa kiyi ya ma drive a CD ndi DVD yoyamba ndi 4D36E965, kenako n'kuzimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Muonetsetse kuti muli pa kiyi imeneyo, chifukwa mayina omwewo aliponso pa kiyibodi ndi pa hard disk, ndipo mukafufuta a kumeneko kompyuta ikhoza kukana kudzuka.

Vuto lomwe limasowetsa anthu mtendere kwambiri ndi la Power Calibration Error. Isanayambe kulemba, drive imayesa mphamvu ya laser pa kachigawo kakang'ono pafupi ndi bowo la pakati pa chimbale. Ikayesa mphamvu zosiyanasiyana osapeza yolemba bwino, imaima osalembapo fayilo ngakhale imodzi. Zoyambitsa ndi zitatu: chimbale chachabechabe, litsiro pa diso (kagalasi komwe laser imatulukira), kapena laser yotopa. Yambani ndi chosavuta, yesani chimbale cha kampani ina. Zimbale zotchipa zogulitsidwa chimodzichimodzi popanda chikuto, zomwe zakhala padzuwa pa benchi, ndi zomwe zimakonda kuchita zimenezi, chifukwa utoto womwe laser imawotcha mkatimo umawonongeka ndi kutentha. Dzina lolembedwa pamwamba musalikhulupirire kwambiri. Pulogalamu yobenera ya ImgBurn imaonetsa nambala ya fakitale yomwe inapanga chimbalecho, ndipo mudzadabwa kuona mayina osiyanasiyana akuchokera ku fakitale imodzi.

Chimbale china chikakananso, pukutani diso. Pa laputopu limaonekera mukangotulutsa thireyi. Nyowetsani pang'ono kathonje kotokosera m'khutu ndi isopropyl alcohol, mugunde disolo mopepuka osakanikiza, mudikire mphindi ziwiri kapena zitatu liume. Fumbi la m'chilimwe lokha ndi lokwanira kulepheretsa drive yabwinobwino. Koma drive ikamabena CD bwinobwino n'kumakana DVD iliyonse, kapena DVD ikutheka koma CD ayi, musatayenso zimbale. Mkati muli ma laser awiri, ya CD ya 780 nm ndi ya DVD ya 650 nm, ndipo imodzi imatha kufa inzake ili moyo. Gulani drive ina.

Drive zakunja zolumikiza pa USB zili ndi vuto lakelake: moto. Doko la USB 2.0 limapereka 500 mA, pomwe kubena kumadya moto wambiri kuposa kuwerenga. N'chifukwa chake zina zimabwera ndi chingwe cha mitu iwiri. Lumikizani mitu yonse, mwachindunji pa kompyuta, osadzera pa hub, kachipangizo kochulukitsa madoko a USB.

Ntchito ikaima pakati, ganizirani komwe mafayilo akuchokera. Laser imafuna kuti zolemba zizibwera mosadukiza. Mukamabena kuchokera pa flash, pa memory card kapena pa chimbale china chokalika, zolembazo zimachedwa, nkhokwe ya drive yosungira zolemba zodikira kubenedwa n'kuuma. Drive za masiku ano zimatha kudikira n'kupitiriza, komabe chimbale chodukizadukiza sichidalirika. Koperani zonse pa hard disk kaye, tsekani mapulogalamu ena, ndipo muletse kompyuta kugona. Magetsi akazima pakati, chimbale cha R chatha ntchito basi. Pa desktop yopanda UPS, batire lothandiza magetsi akazima, musayambe kubena nthawi yomwe mukudziwa kuti magetsi amakonda kuzima.

Liwiro ndi pomwe anthu amaumira mtima. Pachimbale alembapo 52x kapena 16x, koma chimenecho ndi malire, si lamulo. Benani CD pa 16x kapena 24x, DVD pa 4x kapena 8x. DVD yodzadza pa 4x imatenga pafupifupi mphindi 15, zomwe n'zochepa poyerekeza ndi kubwereza katatu. Ikamalephera chakumapeto, cha m'ma 90 peresenti kupita m'tsogolo, vuto ndi m'mphepete mwa chimbale, momwe utoto sukhala wofanana pa zimbale zotchipa. Tsitsani liwiro ndipo musadzaze mpaka pakamwa, lekezani pa 4 GB.

Tsono pali chimbale chomwe chabeneka bwino, pa kompyuta yanu chikutseguka, koma wailesi ya m'galimoto kapena DVD ya pabalaza ikuti No Disc. Windows imafunsa funso mukangoika chimbale chatsopano. Mukasankha Like a USB flash drive, chimbalecho chimakhala chosatseka ndipo makina ambiri a m'nyumba sachizindikira. Sankhani With a CD/DVD player, kapena mu mapulogalamu obenera a CDBurnerXP ndi Nero muchonge potsekera chimbale pomaliza.

Mtundu wa chimbale nawo ndi nkhani. Wailesi yakale yosalembedwa MP3 imafuna Audio CD, yomwe imawerengedwa ndi nthawi, mphindi 80, osati ma MB. Wailesi zoterozi zimavutikanso ndi CD-RW chifukwa sinyezimira mokwanira, ndiye gwiritsani ntchito CD-R. Kanema wa ukwati wa MP4 mukangomukopera pa DVD, makina ambiri akale samusewera. Amafuna foda ya VIDEO_TS yokhala ndi mafayilo a VOB, yomwe imapangidwa ndi pulogalamu yokonzera DVD ya kanema. Fayilo ya ISO, yomwe ndi kope la chimbale chonse, nayo siyokopera ngati fayilo wamba: dinani batani la kumanja la mausi pa fayiloyo n'kusankha Burn disc image, apo ayi kompyuta siidzadzukira pa chimbalecho.

Chongani Verify nthawi zonse, kuti pulogalamu iwerenge chimbale chonse n'kufananitsa ndi mafayilo oyambirira musanafufute chilichonse pa kompyuta. Polemba dzina pamwamba gwiritsani ntchito maka yofewa. Pa CD zolembedwazo zimakhala pansi penipeni pa utoto wa pamwambawo, moti bolopeni ikhoza kukanda n'kuwononga chimbale chomwe chinabeneka bwinobwino.