Sabata ya mphepo ndi nsanja ya nyale ya ku Robben Island

Lolemba ndi Lachiwiri sitinawoloke. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa inavuta kuno ku Cape Town, maboti onse opita ku Robben Island anaimitsidwa. Ine wokulira ku Nkhotakota ndimangoti mwera watitsatira, chifukwa imachokera mbali yomweyo ndipo ukali wake ndi umodzimodzi. Masiku awiriwo ndinangokhalira foni, kusintha matikiti ndi kupepesa alendo.

Ntchito yanga ndi yoperekeza alendo. Ndimawatenga kuhotela, kuwafikitsa padoko la ku V&A Waterfront, n'kukwera nawo boti. Tikafika pachilumba amawalandira ndi eni ake a malowo, ena mwa iwo anthu amene anamangidwapo m'ndende ya pachilumbapo. Pafupifupi aliyense amabwerera chinthu chimodzi: kachipinda komwe Nelson Mandela anatsekeredwa, pachilumba chomwe anakhalapo zaka 18, kuyambira 1964 mpaka 1982.

Lachitatu nyanja inagona. Pagulu langa panali bambo wina wachikulire wa ku Mangochi, amene anabwera kudzaona mwana wake kuno. Anagwira ntchito pasitima za panyanja yathu mpaka kupuma. Boti litangotuluka padoko anandikoka dzanja.

"Mwana wanga, nyale ija ndinaiona usiku ndili kugombe, tikaiona pafupi?"

"Tikaiona, bambo, koma tili m'basi."

Nsanjayo ili pa Minto Hill, pamalo okwera kwambiri pachilumba chonsecho, ngakhale kwathu kachitunda kotero sitingakatche phiri. Inamangidwa mu 1864, ndi yotalika mamita 18, ndipo magetsi anaikamo mu 1938. Isanamangidwe, kuyambira m'zaka za m'ma 1650, Adatchi ankasonkha moto pamalo omwewo usiku kuti sitima zisagunde miyala. Ndende imene alendo amaithamangira ndi ya dzana, ya m'ma 1960. Nsanjayi yaona akhate amene ankatayidwa pachilumbachi, yaona asilikali a nkhondo yachiwiri, kenako andende andale.

Basi itafika cha pamenepo, anthu ena onse anatembenukira kunyanja kujambula Table Mountain. Bambo aja okha ndi amene anatsamira pazenera la mbali inayo, chipewa atavula, chili pabondo. Anandiuza kuti nyaleyo anaiwerengera usiku uja, siizungulira ayi, imangoyaka n'kuthima. Ananena zoona. Kenako anandifotokozera chinthu chimene m'zaka zonsezi sindinachiganizirepo bwino: nyale iliyonse ili ndi kaphethiridwe kakekake, ndipo woyendetsa sitima akawerenga masekondi amadziwa kuti ali pati, ngakhale mdima utachita kuti bii.

Ndinawauza za Tantallon Castle, sitima yonyamula makalata imene inakwera pamiyala ya pachilumbachi mu 1901, nyale ilipo kale. Anagwedeza mutu. "Chifunga," anatero ndisanamalize. "Pa chifunga nyale ndi yakhungu." Ndipo chinalidi chifunga.

Kundende anayenda mwakachetechete ngati wina aliyense, anaima nthawi yaitali pakhomo pa kachipinda kaja. Koma pobwerera anakhala kumbuyo kwa boti, madzi akuwathovukira, maso ali pansanja mpaka inabisika.

Zinandikhudza, chifukwa inenso ndinali nditazolowera kuitchula mongodutsa, mawu awiri basi, ngati chikwangwani cha pamsewu. Nkhani ya ndende ndi yaikulu, siingachepetsedwe. Koma anthu amene ankakwera masitepe a nsanjayo madzulo aliwonse kukayatsa nyale, kuti alendo osawadziwa n'komwe akafike amoyo, nawonso ndi a pachilumba chomwechi.

Lachinayi ndinali ndi ana asukulu, Lachisanu banja la ku Germany. Magulu onse awiri ndinawayambira nkhani ya nyale tikadali m'boti, chilumba chikungoyamba kuonekera. Kamtsikana kena kanafunsa kuti nkhuni zosonkhera moto uja ankasenza ndani. Loweruka ndinapita kulaibulale ndi funso lakelo.