Thabwa la Nisroch ndi bwalo la akulu a mpingo

Abusa atandipatsa udindo wophunzitsa achinyamata ndime ya 2 Mafumu 19:37, ndinatsimikiza mtima kuti phunzirolo lidzakhala losaiwalika. Ndimeyi imanena kuti Sennacherib, mfumu ya Asuri, anaphedwa ndi ana ake awiri, Adrammelech ndi Sharezer, akupembedza m'nyumba ya mulungu wake Nisroch, ndipo olemba mbiri amaika imfayi m'chaka cha 681 Khristu asanabadwe. Chodabwitsa n'chakuti m'zolemba za Aasuri zimene zafukulidwa mulibe mulungu wa dzina limeneli.

Akatswiri ena akale ankati dzinali likuchokera ku mawu a Chiheberi akuti nesher, chiwombankhanga, n'chifukwa chake Austen Henry Layard, amene anafukula mabwinja a Nimrud, mzinda wakale wa Asuri, m'zaka za m'ma 1840, ankaganiza kuti zosema za munthu wamapiko wokhala ndi mutu wa chiwombankhanga ndiye Nisroch. Koma chimene chinandigwira mtima ndi nkhani ya mu Talmud, buku la ziphunzitso za Ayuda, imene imagwirizanitsa dzinali ndi mawu akuti neser, thabwa. Aphunzitsi a Chiyuda amasimba kuti Sennacherib anatola thabwa la chingalawa cha Nowa, naliyesa mulungu wamkulu amene anapulumutsa Nowa ku chigumula, kenako nalilonjeza kuti akapambana adzalipatsa ana ake awiri ngati nsembe. Anawo atamva zimenezi, anayamba ndiwo kumupha.

Popeza achinyamata amamva msanga akaona ndi maso, Loweruka m'mawa ndinalowa m'tchalitchi, ndinazula thabwa pa benchi yogwedera ya kumbuyo, ndinaliimika pakhoma, ndipo nditagwada ndinayamba kuyeserera mokweza kuti, "Iwe mulungu wamkulu, ndikapambana ndidzakupatsa ana anga aamuna awiri!" Kunja kwa zenera kunali amayi atatu amene linali tsiku lawo losesa, ndipo mudzi wonse umadziwa kuti ine ndili ndi ana aamuna awiri ndendende, komanso kuti ndinali nditangotsegula kumene kagolosale.

Pofika masana mkazi wanga anali atasamutsira anawo kwa agogo awo, ndipo madzulo ndinaitanidwa ku bwalo la akulu a mpingo, kumene thabwa lija linali litagonekedwa patebulo, munthu aliyense atakhala patali nalo.

Ndinafotokoza zonse modekha, mpaka ndinawonjezera maganizo amene ine ndimawaona omveka kuposa enawo, akuti mwina dzinali linabadwa chifukwa cha kuphonya kwa mlembi. M'Chiheberi chilembo cha mem chimafanana ndi samekh, ndipo dalet imafanana ndi kaf ya kumapeto kwa mawu, kotero kuti munthu wokopera dzina la Nimrod, mlenje wamphamvu wa m'buku la Genesis, atatopa akhoza kulemba Nisroch. Ngati zili choncho, mulungu wotchulidwayo angakhale Ninurta, amene akatswiri amamugwirizanitsa ndi Nimrod, ndipo Aasuri ankamupembedzadi. Zilembozo ndinazijambula pabolodi, zimene sizinandithandize kwenikweni, chifukwa mkulu wina ananong'oneza mnzake kuti zolemba zoyambira kumanja kupita kumanzere amaziona kwa asing'anga.

"Achimwene," anatero wapampando atandimvetsera nthawi yaitali, "tiuzeni chimodzi: kodi mumagwadira chiwombankhanga, thabwa, kapena mlembi wotopa?"

Amene anandipulumutsa ndi abusa, omwe atafika mochedwa n'kumva mlanduwo anaseka mpaka kuvula magalasi, natsimikizira bwalo kuti phunzirolo anandipatsa ndi iwo. Mlandu wa kupembedza mafano unathetsedwa pomwepo. Koma msungichuma, amene anali chete nthawi yonseyi, anakweza dzanja n'kunena kuti iye za Aasuri alibe nazo mawu, kungoti benchi ndi katundu wa mpingo, ndipo bwalo linagamula kuti ndigule misomali ndi kulipira kalipentala Lamlungu lisanafike.