Kapulasitiki ka m'mafini kaja si kotaya ayi

Tsopano mtima wakhala pansi. Nkhani yosunga mafini, zovala kumapazi zija zopalasira madzi posambira ndi pomira, ndinkaiona ngati malamulo ongoloweza pamtima: osaimika, osasiya padzuwa, osakoloweka ndi lamba, osapsinja. Chonsecho malamulo onsewa akuchokera pa mfundo imodzi, ndipo itangondilowa, ena onse anadzimasulira okha. Mphira ndi pulasitiki zimazolowera mmene wazisiyira. Ukazipinda kwambiri kwa mphindi imodzi zimabwerera mwakale. Ukazipinda pang'ono chabe, koma n'kuzisiya choncho miyezi itatu, kupindikako kumakhazikika, ndipo kukamatentha kumakhazikika msanga. Maola amene fini imakhala m'madzi pa chaka ndi owerengeka. Masiku ena onse imakhala m'chikwama kapena pakona, ndiye n'kumeneko imakapundukira.

Za kusiyana kwa mafini ovala phazi lonse ndi a lamba kuchidendene sindilowako. Ndikufuna kunena za thumba la phazi, kumene phazi limalowa mu fini, ndi kachikombole kapulasitiki kamene kamakhala m'kati mwake fini ikakhala yatsopano. Ambiri amakataya limodzi ndi katoni poganiza kuti n'kolongedzera basi. Kachikomboleko ndi kamene kamalowa m'malo mwa phazi nthawi imene phazi mulibe. Thumba lopanda kanthu likagona pansi pa mitovu yolemeretsa womira, silinda ya mpweya kapena mafini anzake, denga lake limaphwatalala ndipo m'mbali mumatambalala. Mukadzavala, pamwamba pa phazi pamapanikizika pamene m'mbali mukugwedera. Zotsatira zake ndi matuza, dzanzi kuzala, minofu kukokana, komanso mphamvu ya mwendo imathera m'kugwederako isanafike ku tsamba la fini. Munthu n'kumanena kuti mabuti ovala m'kati mwa fini ndiwo afota.

Chimene ndinachedwa kwambiri kuchimvetsa n'chakuti kachikombole kayenera kungochirikiza, osati kufutukula. Mphira yokokeka ndi imene mpweya wa ozoni umaidya msanga. Mukaona timing'alu ting'onoting'ono pa lamba kapena pakamwa pa thumba, muzitiyang'anitsitsa: timadutsa mopingasa, modula mbali imene mphirayo ikukokekera. Choncho amene wataya chikombole chake n'kukankhiramo botolo lalikulu mokakamiza, poti thumba likhale lotseguka bwino, wachiritsa nthenda ina n'kuitana ina. Chomwechonso kukoloweka fini ndi lamba wake pa msomali. Kulemera kwa fini yonse kumathera pa kachigawo kamodzi ka mphira usiku ndi usana, ndipo mafini a mphira yokhayokha onga Jet Fin, amene kampani ya Scubapro inayamba kugulitsa mu 1965, ndi olemera ndithu. Lambayo amadzaduka tsiku limene mukumukoka m'mphepete mwa boti. Ozoni samachokera kutali ayi, ma mota amagetsi othetheka ndi makina owotcherera zitsulo amamupanga, n'chifukwa chake pafupi ndi zida zotere si malo osungira.

Ngati chikombole chinatayika, chidutswa cha thovu louma lofewa, ngati lija ana amayandamira posambira, chimakwanira mukachidula molingana ndi thumba. Kathawulo kouma kokulunga nakonso kamagwira ntchito. Muyeso wake ndi dzanja: chilowe ndi kutuluka popanda kulimbana nacho. Nyuzipepala sindiikonda, imayamwa chinyezi n'kuchisunga momwemo mpaka nkhungu.

Ndondomeko yake potuluka m'madzi ndi yaifupi. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi, ndipo akauma mcherewo umasanduka timiyala tokala m'mabakolo, m'zinga za lamba wa sipuling'i ndi m'mphepete mwa thumba. Kungothira madzi pamwamba sikusungunula mchere wouma kale. Viikani mafini m'madzi abwino ofunda pang'ono kwa mphindi 15 kapena 20, tsegulani ndi kutseka mabakolo ali m'madzi momwemo kuti mchenga utuluke, kenaka tsukuluzani. Mukachokera m'dziwe losambirira chitaninso chimodzimodzi chifukwa kolorini amaumitsa mphira. Sopo wofatsa pang'ono alibe vuto. Petulo, parafini, thina ndi mafuta odzola ochokera ku petulo ndi adani, amatupitsa mphira n'kuifewetsa mpaka kumata m'manja.

Umitsani pamthunzi, kukamwa kwa thumba kutaloza pansi kuti madzi a kuzala atsike. Chikombole chilowe pokhapokha m'kati mwauma gwa. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa mwachikondi: amabwezera kachikombole m'thumba lonyowa, n'kutsekera chinyezi pakati pa pulasitiki ndi mphira, fungo lake osanena. Kenaka masulani lamba asakhale wokokeka, goneketsani mafini mosalala pa shelefu, pasakhale kanthu pamwamba. Kuwaimika ndi nsonga pansi ndiko kumapinda tsamba, ndipo fini yopindikira mbali imodzi imapotoza bondo pa kupalasa kulikonse. Amene alibe malo angathe kukoloweka ngati fini ili ndi bowo lopangidwira zimenezo, kapena kuiimika chidendene pansi kwa masiku ochepa itatsamira mowongoka.

Pa kutentha pali nambala yoyenera kuisunga m'mutu. Muyezo wa ISO 2230 wonena za kasungidwe ka zinthu za mphira umalangiza malo osapitirira madigiri 25, amdima, ndiponso kuti katunduyo asakhale wopindika kapena wokokeka. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, nthawi imene mphira ingasungike bwino imatsika pafupifupi ndi theka. M'galimoto yotseka imene yaima padzuwa mumapitirira madigiri 50 mosavuta. Ikanimo mafini opanda zikombole, pamwamba pake chikwama cha mitovu, ndiye kuti mwasonkhanitsa kutentha, kulemera ndi nthawi, zonse zitatu zofunika kuti thumba lipunduke.

Chimandinyansa n'chakuti pa maphunziro oyamba a kumira m'madzi nkhaniyi imathera m'mawu awiri akuti "tsukani zida". Aphunzitsi amathera nthawi yonse pa regulator (chida chopumira mpweya wa m'silinda) ndi BCD (jekete yothandiza kuyandama), ndipo n'zomveka poti m'menemo ndi m'mene muli moyo, masiku a maphunziro nawonso ndi ochepa. Komabe chifukwa chake chikanangonenedwa kamodzi, mphindi zisanu zokha, wophunzira sakanafunikanso kuloweza lamulo lililonse. M'malo mwake timapatsidwa "osatero, osatero" popanda muzu wake, ndiye munthu ukatopa umasankha wekha lamulo loti uliphwanye.

Mafini aatali a omira mongogwira mpweya ndi ovutirapo. Tsamba lake, kaya la pulasitiki, la fibreglass kapena la carbon, limatuluka m'thumba mopendekera, choncho likagona pansi pamatsala mpata pansi pa pokumanirapo. Chinthu cholemera chikatsamira pamenepo, tsamba la carbon silipindika pang'onopang'ono ngati pulasitiki, limangosweka. Ambiri mwa mafiniwa tsamba limachoka: kamodzikamodzi masulani timasikuluwu, chotsani tsamba m'mizere ya mphira ya m'mbali, tsukani mchenga wobisala m'menemo, ndipo pomanganso musalimbitse mpaka mphira kufinyika.

Thumba lopunduka kale limatha kubwererako. Liviikeni m'madzi otentha koma osawira kwa mphindi zingapo mpaka lifewe, lowetsani chikombole, kenaka lisiyeni lizizire chili momwemo. Zimayenda bwino pa mathumba a pulasitiki yofewa ndi kutentha; mphira yeniyeni yophikidwa kale imamva pang'ono chabe. Kwa ine chikombole ndiye mankhwala a pafupifupi chilichonse, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu bwenzi chikulembedwa mawu akuluakulu oletsa kutaya. Mwina ndikuchikweza mopitirira, poti sichiletsa dzuwa kapena ozoni.

Pamene ndidakali njakata ndi pa silikoni wopopera. Pa mphira yakuda nthawi zina pamatuluka kautoto kotuwa, kamene kamakhala phula loikidwamo dala kuti lizitulukira kunja n'kutchinga ozoni. Ena amalipukuta n'kupopera silikoni kuti fini iwale, ena amati lisiyeni ligwire ntchito yake. Ine ndikupendekera kwa osiyawo, makamaka poti lamba woterera amapulumuka m'bakolo, koma ndikaona fini yakale itauma mbuu, dzanja limafunabe kukatenga chopoperacho.