Sabata yonse kuthamangitsa 20% ya anthu akumudzi

Lolemba ndinanyamuka ku Furancungo, m'chigawo cha Tete kuno ku Mozambique, m'mamawa pa njinga yamoto ya kuntchito, mafuta ogula ndekha, zoti adzandibwezera nanenso sindikuikapo mtima. Ulendo unali wa kumudzi wina wa m'mphepete mwa nkhalango kukaonana ndi komiti yoyang'anira zachilengedwe.

Nkhani yake ndi yomwe ija ya 20%. Kuyambira 2005 lamulo limati pa ndalama zomwe boma latolera kwa odula mitengo ya matabwa, 20 pa 100 ibwerere kwa eni dera komwe mitengoyo yachoka. Papepala zimakoma bwanji. Koma kuti ndalamayo ilowe pamafunika komiti yolembetsedwa, akaunti ku banki ndi anthu atatu osainira, ndiye apa ndi pomwe tinakakamira Lachiwiri lonse, mmodzi BI yake (chiphaso cha unzika) inatha kalekale, wina anapita kumaliro ku Malawi mpaka pano sanabwere.

Lachitatu msonkhano pansi pa mtengo wa mango. Ndisanamalize nkomwe moni afumu anandidula. "A tekiniko, mathiraki a mlombwa timawaona akutuluka ali pa matayala, nanga ndalama yathuyo ikubwera wapansi?" Anthu anafa nazo kuseka. Ine ndinangomwetulira, yankho ndinalibe.

Kenako ndinayamba zanga zija za kuipa kootcha makala ndi moto wolusa. Mayi wina, mwana ali kumsana, anati chimanga chinatha m'nkhokwe mwezi watha, ndalama ya fodya sinakwane n'kugula feteleza, ndiye thumba la makala akaliika pamsewu madzulo ana adya. Ndimuuze chiyani munthu ameneyu? Mtengo womwewo ndine ndikuti ausiye, chigafa cha fodya chikufunanso milimo, pomwe 20% ija ngakhale itabwera imathera pa mjigo kapena malata a sukulu, siilowa mumphika wa munthu. Anzathu a pulogalamu yosamalira zachilengedwe ya Tchuma Tchato ku boma la Mágoè anayamba zogawana phindu ndi midzi m'zaka za m'ma 1990, koma kumeneko kuli njovu ndi alendo osaka olipira, kuno tili ndi mitengo basi.

Lachinayi mvula, sindinatuluke, ndinangolemba lipoti.

Lachisanu ndinabwerera kukatenga bambo wa BI uja kuti akajambulitse ina. Ndinawapeza kuseri kwa phiri akukwirira uvuni wa makala, anati ndidikire kaye amalize.